Bronte Ankangoti Inde

"Usatseke maso, Kangaru! Ayang'ana kumanzere koma amenyera kumanja!" anakuwa Josefa, kapiteni wa timu ya atsikana ophunzira za m'nyanja.

Bronte Kellaway anaima pagolo atavala magolovesi obwereka, thukuta lili kamukamu. Timu yawo inali patsogolo ndi chigoli chimodzi, mpira utatsala pang'ono kutha, ndipo woimbira anali atangopereka penate kwa atsikana ophunzira zamalamulo.

Bronte anachokera ku Geelong, ku Australia, kudzaphunzira teremu imodzi pa yunivesite ina ya ku Valparaíso. Kwawo Chisipanishi ankakhoza kuposa anzake onse. Koma atafika ku Chile anapeza kuti anthu amameza theka la mawu, theka linalo n'kulithamangitsa ngati labedwa. Poopa kuoneka mbuli, anapeza njira yake: kumwetulira n'kunena kuti inde. Inde ameneyu ndiye anamufikitsa pagolo. Josefa anamufunsa zinazake pakhomo la laibulale, iye n'kuvomera poyesa kuti akumuitanira khofi. M'mawa mwake anangoona akumupatsa jezi.

Wezulo inalira. Mpira unabwera mwamphamvu cha m'mwamba. Bronte, amene anakula akuwakha mipira ya kwawo ija yosongoka, anauluka n'kuukumbatira pachifuwa. Bwalo lonse linaphulika. Anzake anamugwera pamwamba, wina akumupsompsona pamphumi, wina akulira.

"Unali kuti zaka zonsezi, mzungu iwe?" anatero Josefa akumukoka khutu. "Lero sugula chakumwa. Tiye!"

"Ndikasinthe kaye zovala," anayankha Bronte, akuseka mosalekeza. Chifikireni ku Chile, lero ndi pamene anadzimva kuti ali pakati pa anzake.

Josefa anamuperekeza. Nyumba imene Bronte ankakhala inali pamwamba pa phiri, pamalo osafika galimoto. Chikepe chimene chimakweza anthu chinali chitawonongeka, choncho anakwera masitepe akuimba nyimbo ya timu, nsapato zili matope okhaokha.

Atatsegula chitseko nyimbo inawathera m'kamwa. Mayi Ximena, eni nyumba, anali khale pampando atavala diresi lawo labuluu la kuphwando, ndodo yawo ili pamiyendo. Patebulo panali keke yaikulu yosanjikiza, yoyera mbee, yokhala ndi timaluwa ta shuga. Mayiwo ankapeza ndalama pophikira anthu makeke, ndipo iyi anaichezera kuyambira Lachinayi.

"Wabwera," anatero osamuyang'ana.

"Amayi, tawina! Ndagwira penate!"

"Phwando la Florencia layamba kalekale kuholo ya kudoko. Mwana wa eni ake akukwanitsa zaka khumi ndi zisanu popanda keke. Mayi ake aimba foni mpaka atopa."

Bronte anayang'ana keke, kenako anayang'ana bondo lotupa la mayiwo.

"Ndinakufunsa tikudya Lachinayi," anapitiriza mayi Ximena. "Ndinati chikepe chafa, kodi Loweruka masana udzanditsitsira keke? Unati inde. Ndinabwereza. Unati inde, uku ukumwetulira. Mwana wa mchemwali wanga anafuna kubwera, ine n'kumuuza kuti asavutike, ndili ndi mtsikana wamphamvu pakhomo."

"Amayi," mawu a Bronte anatuluka aang'ono, "ine ndinangomva mawu oti keke. Ndimayesa mukundifunsa ngati ndimakonda keke."

Josefa anaphulika kuseka, koma ataona nkhope ya mayiwo anadzigwira pakamwa.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikulankhula ndi khoma?" anafunsa mayi Ximena pang'onopang'ono, moti Bronte anamva liwu lililonse. "Nanga tsiku lija ndinakufotokozera za malemu amuna anga, iwe n'kumagwedeza mutu?"

Bronte anazolika. Pamenepo mayiwo anamva yankho lake.

Josefa ndiye anaganiza msanga. Anatulutsa foni n'kukuwiramo ngati akadali pabwalo. "Atsikana, siyani mabotolowo! Nonse kuphiri kwa Kangaru, muthamange!"

Posakhalitsa khonde linadzaza ndi majezi obiriwira. Anazula thabwa la shelefu ya kukhitchini, n'kukhazikapo keke. Bronte anagwira kutsogolo, kumene kulemera konse kumatsikira, ndipo anayenera kuyenda chafutambuyo. Josefa anagwira kumbuyo. Atsikana awiri otchinga kumbuyo, amene anali ndi matupi, anawakolowekera mayi Ximena m'mapewa mwawo.

"Ine si thumba la mbatata, ana inu!"

"Gwirani bwino, amayi, osagwetsa ndodo!"

Anayamba kutsika. Masitepe ake anali opapatiza, ena odyeka, ena opendekeka. Agalu a m'misewu anawatsatira akugwedeza michira. Anthu anasuzumira m'mawindo, ndipo bambo wina wogulitsa nsomba anavula chipewa ngati kukudutsa maliro.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Akaigwetsa amwalira ndi mzunguyo!" anayankha mayi Ximena.

Mayiwo ndiwo anali maso a Bronte. Ankakuwa kuchokera m'mwamba, liwu limodzilimodzi ngati akuphunzitsa khanda. "Kumanzere! Ima! Pali dzenje! Wamva?"

"Ndamva!"

"Wamvadi, kapena ndi inde wako uja?"

"Ndamva, amayi! Dzenje!"

Atsikana anaseka mpaka thabwa linagwedera. Pokhota pena chidendene cha Bronte chinaponda ndere n'kuterereka. Keke inapendama, aliyense anakuwa, koma iye anagwada ndi bondo limodzi, manja ali m'mwamba, thabwa osalitaya. Kaduwa kamodzi ka shuga kanagwa, galu n'kukawakha kasanafike pansi.

"Uyo ndiye goloboyi wathu wachiwiri," anatero Josefa.

Anafika kuholo bondo la Bronte likutuluka magazi. Mayi ake a Florencia anali pakhomo, nkhope ili ndwii, atakonzeka kale zonena. Koma Florencia, m'diresi lake lalitali lapinki, ataona timu yonse ya mpira ikulowa ikuimba itanyamula keke yake, anakuwa ndi chisangalalo n'kuthamangira kukajambulitsa nawo. Alendo anaimirira kuwomba m'manja. Mayi ake anapumira m'mwamba, n'kungolozera tebulo.

Sanawalole kuchoka. Anawapatsa mbale za nyama yowotcha, ndipo atsikana a matope aja anavina pakati pa anthu a masuti. Bronte akumata bondo lake, kunabwera agogo ake a Florencia, a Heriberto, mdala wa ndevu zoyera. Anamugwira dzanja n'kumuthira mawu ambirimbiri othamanga, maso akuwala, kenako anaima kudikira yankho.

Milomo ya Bronte inali itayamba kale kumwetulira. Anaona mayi Ximena akumuyang'ana patsidya pa tebulo.

"Pepani agogo, sindinamve. Tabwerezani pang'onopang'ono."

Mdalayo anabwereza, akuloza mnyamata wina wamanyazi amene anaima pafupi ndi zakumwa. "Ndati, mdzukulu wanga uyo amayendetsa basi, samwa mowa, koma sanakwatire. Mtsikana wonyamula keke chonchi sitingamusiye abwerere ku Australia. Umulola?"

"Ayi!" anakuwa Bronte. "Ayi, agogo! Ndabwera kusukulu ine!"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Mnyamata uja anabisa nkhope m'manja, ndipo Josefa anachita kugwira khoma.

Dzuwa likupendeka, atsikana anapita kukapitiriza chisangalalo chawo. Anamukoka Bronte, koma iye anakana. Anatenga mkono wa mayi Ximena n'kuyamba nawo ulendo wokwera. Atakwera pang'ono mayiwo anatopa, ndipo anakhala pansi pa sitepe, sitima za padoko zikuoneka m'munsi.

"Amayi," anatero Bronte, "nkhani ija ya amuna anu. Mungandiuzenso? Ndikasokonezeka ndizikudulani."

Mayi Ximena anamuyang'ana. Kenako anaika ndodo pambali.

"Dzina lake anali Osvaldo," anayamba. "Ankakonza injini za sitima, ndipo kuvina sankadziwa ngakhale pang'ono."

"Sankadziwa chiyani?"

"Kuvina, mwanawe. Kuvina." Mayiwo anagwedeza mapewa kumuonetsa, n'kupitiriza.