Mapepala Okutira Mbale

Ine ndinapita kukagula mbale basi, m'shopu ya zakale ya a Yacoob ku Belgrave, kuno kudziko la azungu. Anazikutira m'mapepala achikasu onunkha chinyezi, ndinakwera basi kubwerera ku Braunstone.

Ndikumasula, mwana wanga Keturah anakuwa ngati waponda moto.

"Mami, musang'ambe!"

Keturah ali ku yunivesite. Chaka chonse amalemba za mzungu wina, Foster, amene akuti ndiye anayambitsa timabuku ta nthano zojambula kuno. Iye amati Fosteryo ali mnyamata ankajambula m'kanyuzipepala ka ana osalembapo dzina. Aphunzitsi ake anati bweretsa umboni, apo ayi pepala lako lagwa. Kunatsala masabata awiri.

"Taonani agaluwa, khutu limodzi lopindika. Ndi dzanja lake ili!"

Ndinaona. Agalu ake ngati mbuzi zodwala.

M'mawa tinabwerera. M'basi ndinamulangiza: usamwetulire, usaloze, chinthu ukachifuna umachinyoza. Tinapeza katoni yonse ya mapepalawo ili pansi pa tebulo, a Yacoob akung'ambamo tsamba kukutira kapu ya kasitomala. Mwanayo, amene kunyumba amandiyankha m'Chingerezi chokhachokha, lero anasankha Chichewa kuti abise.

"Mami, katoni iyo. Tisaisiye, ndafa ine."

"Usafe, mwanawe," anatero a Yacoob. "Ine ndinabadwira ku Limbe."

Ndinafuna kumutsina.

"Achimwene," ndinatero, "zinyalalazi zikukubweretserani mphemvu. Ndikutayireni."

"Dzulo zinali zinyalala, mayi. Lero mwana akuzifera."

Tinakokana mpaka tiyi wawo anazizira. Ndalama anakana. Vuto lawo linali lina: akandipatsa, makapu akutira ndi chiyani? Ndiponso panali miphika isanu ndi umodzi ya maluwa, yoipa ngati tchimo, imene inakhala pa shelefu zaka zinayi, ndipo ankafuna ndiwachotsere. Ndinati nditenga iwiri. Anati yonse. Ndinati itatu, ndipo Loweruka lililonse ndizibwera ndi manyuzipepala akuntchito kwathu, kosamalira okalamba. Anawonjezera kuti dzina lawo lilowe m'pepala la mwanayo.

"Lilowa, ankolo!" anatero Keturah ndisanatsegule pakamwa. Mwana ameneyu malonda sadzawadziwa.

M'katonimo, pansi penipeni, anapeza tsamba limene Foster anaiwala n'kusainapo pakona. Analira m'basi, anthu akutiyang'ana. Ine manja anali ku miphika.

Pepala linakhoza. Miphika ndinapereka ku tchalitchi, nakonso akuti ikuopseza ana.