Mota Yoyamba ya Bambo

Dzanja lawo lamanja litayamba kunjenjemera, bambo anafunditsa nsalu makina awo osemera zitsulo ndipo sanalowenso m'garaja. Makinawo anali aang'ono, okhala pathebulo: chitsulo chimazungulira, munthu n'kumayendetsa mpeni popukusa timagudumu tiwiri. Kwa zaka zambiri bambo ankasemerapo nguli zamkuwa n'kumagawira aliyense, ofuna ndi osafuna omwe. Tsopano mpeni unkavina m'manja mwawo, ndipo anali atauza kale wogula zitsulo zakale kuti adzatenge makinawo.

Mwana wawo wamkazi, amene iwo ankamutchula kuti Injiniya chiphwasulire wailesi ya m'nyumba ali wamng'ono, anamva nkhaniyi kwa amayi ake. Anafika ndi mamota awiri m'katoni.

"Tichotsa timagudumuti, tiikepo mamota," anatero. "Inu muzingouza kompyuta, mpeni uziyenda wokha. Kompyuta sinjenjemera."

"Nanga ine ntchito yanga? Kuwomba m'manja?"

"Kulamula, bambo."

"Awowo?" anatero amayi ali pakhomo. "Ngakhale mphaka sawamvera."

Bambo sanavomere, komanso sanakane. Anangopita kukatenga masipanala.

Mmawa wonse anaphwasula. Injiniya ankamasula, bambo n'kumatsuka chitsulo chilichonse ndi palafini n'kuchiyala panyuzipepala, chachikulu kuno, chaching'ono uko. Ankaimba kamluzu osadziwa, ndipo mwana wawo sanawauze kuopa kuti asiya. Pofika masana makina onse anali atagona mwadongosolo, oyera ngati mbale za alendo.

Kenako Injiniya anayamba kuyeza. Kamtengo ka mota kanali kowonda, pamene sikuluu yaitali yoyendetsa mpeni inali yonenepa. Pankafunika kachitsulo kowalumikiza, ka bowo laling'ono mbali ino, lalikulu mbali inayo. Makinawo anali akale kwambiri moti kotere sikakanapezeka m'sitolo.

"Ndiye n'zodandaula nazo zimenezo?" anatero bambo. "Tisema tokha."

Onse awiri anatembenukira kuthebulo. Panali chidindo cha mafuta pamene makina ankakhala.

Injiniya anayang'ana zitsulo zija panyuzipepala, nayang'ananso bambo ake. Makina oti aseme kachitsulo kokonzera makina anali omwewo amene anawaphwasula mwaluso chonchi. Anaseka mpaka kukhala pakatoni. Bambo anasekanso, koma kuseka kwawo kunathera panjira. Anapisa dzanja lamanja m'thumba.

"Ngakhale titamanganso, asema ndani?" anatero. "Wa zitsulo uja abwere basi. Tamuthandizanso kuphwasula."

Injiniya ankadziwa kuti kumsika kuli amisiri amene akanasema kachitsuloko tsiku lomwelo. Koma anaona nsalu ija itapindidwa pampando. Kachitsuloko kakanachokera kwa munthu wina, nsaluyo ikanabwerera pamalo ake.

"Mota ilipo kale imodzi," anatero, akupinda manja a bulauzi. "Ndi ine. Inu lamulani."

Kumanganso kunatenga nthawi yaitali kuposa kuphwasula, ndipo kunatsala wasala mmodzi, kachitsulo kabowo pakati, amene aliyense anati si mlandu wake. Tsiku lotsatira chitsulo chinazungulira. Injiniya anagwira timagudumu, bambo anaima kumbuyo kwake ataweramira paphewa lake.

"Lowetsa mpeni pang'ono."

Analowetsa. Chitsulo chinalira ngati nkhumba, mpeni n'kudya mopitirira.

"Ndati pang'ono, Injiniya."

"Pang'ono wanu ndi wanga ndi osiyana. Ndipo kompyuta ndi yopusa kuposa ine, siidziwa pang'ono. Pagudumupa pali timizere. Nenani kuti tingati."

Zaka zonsezi manja a bambo ankadziwa zimenezi osauza mwiniwake. Anatseka maso, zala zonjenjemera zikupukusa gudumu la m'malere, ngati akuzifunsa.

"Tiwiri," anatero. "Bwerera kaye tisanu, kenako upite tisanu ndi tiwiri. Gudumulo lili ndi befu, limayamba layenda chabe lisanakoke mpeni."

"Zimenezo tidzaiuzanso kompyuta. Imamva."

Kachitsulo koyamba anakataya m'chitini. Pa kachiwiri mawu a bambo anasintha: anasiya "pang'ono" ndi "apo, apo", anayamba manambala okhaokha, imodziimodzi, mosathamanga. Mapalapala amkuwa ankatuluka opotanapotana n'kumagwera pansapato zawo. Injiniya anazimitsa makina, napereka kachitsuloko kwa bambo. Bambo analephera kulasa bowo kawiri, dzanja likukana, ndipo iye sanawathandize. Kachitatu kanalowa pakamtengo ka mota, kothina bwino, kosagwedera.

"Ndiye tiphwasulenso?" anafunsa bambo.

"Ayi. Mamota ndi awiri, komanso pafunika zomangira. Tiyambe talemba zonse zoti makinawa adzisemere akadali amoyo."

Amayi anasuzumira pakhomo. "Wa zitsulo uja ali pageti. Ndimuuze chiyani?"

Bambo anavuula m'chitini kachitsulo kolakwika kaja, nawapatsa.

"Mupatseni aka, asabwerere chimanjamanja." Kenako anakoka mpando, nsalu ija n'kugwera pansi, nakhala pafupi ndi kompyuta ya mwana wawo. "Tandionetsa, Injiniya. Timizere tiwiri mumalemba pati?"