Zikhomo Zokhota M'munda mwa aChingwe

M'dera lonselo munalibe munthu wodziwa kuwongola mizere ngati aChingwe. Dzinali linachokera kumunda komweko, chifukwa polima sankakhulupirira maso okha. Ankakhoma mtengo kumtunda, wina kumunsi, n'kukoka chingwe. Mizere yawo inkatsetsereka phiri yowongoka bwino, moti anthu opita kumsika ankaima pamsewu kuisirira.

Kumunsi kwa mundawo kunali nyanja, ndipo m'mbali mwake munkakhala mwana wawo wamkazi ndi ana ake atatu. Madzi akumwa ankatunga pafupi ndi pomwe chigwembe chochokera kumunda kwa bambo ake chinkathirira. Mvula ikagwa, madziwo ankafiira sabata yathunthu, ndipo chaka chathacho kamdzukulu kotsiriza kanadwala m'mimba kawiri. Mwana wa aChingweyo sanafune kukangana ndi bambo ake. Anangopita kukaitana alangizi a zaulimi.

Alangiziwo anali mayi wachitsikana, wovala jombo zazikulu kuposa mapazi ake. Anayenda m'munda monse, kenako anatsikira m'chigwembe n'kutapa dothi kumanja.

"Bambo, mundawu mukugawana ndi nsomba," anatero akuseka. "Mizere yanu ndi yokongola, koma yasanduka misewu ya madzi. Akatsika amanyamula dothi, feteleza ndi ndowe, zonse ulendo wa kunyanja."

"Nanga mvula ndingailetse ine?"

"Ayi, koma mutha kuikhazika pansi. Mizere ipingase phiri, ndipo m'mizere ikuluikulu tidzalemo udzu wa vetiva."

AChingwe anayang'ana kumunsi, komwe denga la mwana wawo linkaonekera pakati pa mitengo, n'kuvomera. Tsiku lonse anagwira ndodo mbali ina, mwana wawo mbali ina, alangizi ali pakati kuyang'ana kalevulo, kachipangizo kolendewera pachingwe koonetsa ngati malo ali ofanana. "Kwerani pang'ono, bambo. Tsikani. Basi, khomani pomwepo." Pofika madzulo zikhomo zinali mbwee munda wonse.

M'mawa mwake aChingwe anakaima pamsewu kuti aone ntchito ya dzulo, ndipo mtima unawawawa. Zikhomo zinali zokhotakhota ngati njira ya mbuzi, apa zakwera, apo zatsika. Anaganiza kuti mwana wa eni uja wangotuluka kumene sukulu, dzanja silinakhwime, ndipo anthu akaona zimenezi amuseka. Kumudzudzula sanafune. Anangotenga chingwe chawo, nazula zikhomo zapakati chimodzichimodzi, n'kuziika pamzere wowongoka. Zinapingasabe phiri monga anauzidwira, koma tsopano zinali zoti munthu n'kuyang'ana.

Alangizi atabwera ndi mitolo ya vetiva panjinga, anaima, manja m'chiuno.

"Bambo, kodi zikhomozi zayenda zokha?"

"Ndangokukonzerani pang'ono, amayi. Musadandaule, sindinauze munthu."

Mwana wawo anabisa nkhope m'nsalu. Alangizi sanakwiye. Anapempha khasu, nakumba kangalande motsata mzere wa aChingwe, kenako anapempha ndowa ziwiri za madzi. Atathira, madziwo sanachedwe n'komwe. Anathamangira pakati pomwe nthaka inali yolowa, nasonkhana, n'kuboola m'mbali kulunjika kuchigwembe, atafiira kale.

"Mwaona? Phiri ili ndi lokhota, bambo. Mzere ukawongoka m'maso mwanu, kwa madzi ndiye kuti wapendekeka. Ine ndimatsata pomwe pali pofanana, ngakhale pakhote."

AChingwe ananjuta pamene madzi anaboola paja, nagwiragwira matopewo ndi zala. 

"Ndiye ntchito ya dzulo yonse ndaipha ine?"

"Maenje a zikhomo akuonekabe," anatero mwana wawo. "Dzukani, ababa, tibwezeretse dzuwa lisanakule."

Anabwezera zikhomo zonse, alangizi akuyesanso ndi kalevulo kawo pomwe maenje anafufutika. Kenako aChingwe analavulira m'manja, nagwira khasu, n'kuyamba kuunda mzere woyamba. Manja ankafuna kuwongola okha, moti kawiri konse anabwerera m'mbuyo kukakhotetsa pomwe anawongola.

Posakhalitsa pamsewu panatulukira mlamu wawo, akukankha njinga yonyamula nkhuni.

"Alamu! Kodi mwayamba liti kumwa m'mawa? Mzere umenewo ukupita kuti?"

"Ukupita komwe ukufuna. Inu yendani, nkhuni zingagwe."

"Ndikauze achemwali akukonzereni mphasa, mugone kaye?"

"Kauzeni. Muwauzenso kuti mawa alangizi akubwera m'munda mwanu."

Mlamuyo anapita akuseka mpaka kutsokomola. AChingwe makutu anawatentha, koma khasu sanaliike pansi. Kumbuyo kwawo mwana wawo ankabwera akudzala vetiva, phata limodzilimodzi, motalikirana chikhatho.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa patapita masabata atatu, masana. Itangokata, aChingwe anatsikira kumunda. Madzi anali atakhala phee m'makwawa onse a pakati pa mizere, akulowa pansi pang'onopang'ono. Pamalo amodzi okha mzere unali utagumuka, ndipo anautseka ndi dothi la makasu anayi. Anatsata chigwembe mpaka kunyanja. Madzi ankatsikabe, koma ochepa, ndipo kufiira kwake kunathera pafupi ndi gombe.

Anapeza mwana wawo akutunga chapatali pang'ono, madzi akumulekeza m'mawondo.

"Madzi ali bwanji?" anafunsa aChingwe.

"Sanayeretu, ababa. Koma pansi pa ndowa ndikupaona."