Ukwati wa pa Siteshoni ya Akavalo

Ndili woyendetsa ngolo ya apaulendo ku Wyoming, sitima isanafike kwathu, kampani inatsegula siteshoni yosinthira akavalo pa Sage Creek. Inkafuna banja: mwamuna azisamala akavalo, mkazi aziphika. Lemuel Haskett ntchitoyo ankailakalaka, koma anali wosakwatira. Orpha Tillotson naye anali atatopa kulera ana a mlongo wake ngati wantchito. Ndine ndinawakumanitsa, abusa n'kuwadalitsa pakhonde la sitolo, eniakewo osayang'anana n'komwe.

Atangoyamba ntchito, zinthu zinaululika. Nyemba za Orpha zinali miyala yeniyeni, ndipo akavalo ankangomuluma Lemuel.

"Bambo Haskett, kale munkagwira ntchito yanji?" anafunsa Orpha.

"Ndinkaphikira oweta ng'ombe, mayi."

"Ndiye mumangokhala chete? Bweretsani chingwecho, inu kagwireni mapoto."

Kuyambira pamenepo siteshoniyo inatchuka. Apaulendo akalawa buledi ankati, "Mayi, manja anu ndi odala!" Orpha ankangoti zikomo, nkhope ili phee, Lemuel ali kukhitchini akufa nako kuseka.

Chisanu chitatha, kunabwera mwini ng'ombe wina wolemera. Ataona Orpha akufatsitsa kavalo wolusa, anamuitanira ntchito kutawuni ya Cheyenne.

"Pitani, mayi," anatero Lemuel. "Wathuwu ndi ukwati wa ntchito basi, sindingakutsekereni njira."

Orpha anamenyetsa chitseko n'kulowera kukhola.

Masana amenewo ndinafika ndi apaulendo anga, n'kupeza khofi ali ndi mchere.

"Achimwene, mukufuna kutipha?" ndinatero kwa Lemuel. "Pitani mukatule zimene zili kukhosizo."

Anapitadi, manja ali mbuu ndi ufa, ife n'kuunjikana pawindo.

"Mayi... Orpha," anayamba Lemuel, chipewa chili m'manja. "Ndinanama paja. Njirayo ndikufuna kuitseka ndithu."

"Ndimati kapena pakamwapo panasokedwa," anatero Orpha, osasiya kupesa kavalo. "Bambo aja ndinawayankha kalekale. Akavalo awo aziwabweretsa konkuno."

Ndiye anatembenuka n'kumugwira dzanja. Mayi wina wachikulire mwa apaulendowo anawomba m'manja mpaka magalasi ake anagwera m'mbale.

Tsikulo tinadziphikira tokha, ndipo tinanyamuka mochedwa popanda wodandaula. Chaka chotsatira, pobatiza mwana wawo Philena, anandisankha ine kuti ndimunyamule. Kamwanako kanandinyowetsa malaya anga a Lamulungu, abusa asanamalize n'komwe pemphero.