Chingwe Cholendewera

Loyce anafika pa koleji ya MaMpofu ku Nketa, mu mzinda wa Bulawayo, fumbi lili mbuu m'miyendo, atakwera makombi awiri kuchokera ku Cowdray Park. Pageti anamulonjera ndi a Fanizani, mlonda wokalamba amene ankasesanso m'makalasi.

"Malukazana, wadzuka?" anatero a Fanizani. Ankamutchulabe mpongozi ngakhale za ukwati wake ndi mwana wawo zinali zitazilala kalekale. "Thamanga, adona ayamba kale kubangula."

Asanatule n'chikwama chomwe, Loyce anaona kuti zinthu zathina. Makompyuta onse makumi awiri a mu labu anali atayatsidwa, koma masikirini ali bii, timawu toyera tokha tikuphethira pakona. Pakhonde ophunzira anali atandanda kale, ziphaso zili m'manja. Mayeso awo omaliza amayamba teni koloko.

Labu imeneyi inali mwana wake. Ndi iye amene anakakamira, miyezi itatu yapitayo, kuti madisiki achotsedwe m'makompyuta onse poti ankangofa ndi fumbi ndi mavairasi. Tsopano kompyuta iliyonse ikayatsidwa inkaitana pa netiweki kupempha adiresi, seva, kompyuta yaikulu ya pakona, n'kuiyankha, n'kuilozeranso kokatenga pulogalamu yodzukira. M'mawa uliwonse Loyce ankaima pakhomo kuonerera masikirini akuwala imodziimodzi, mtima uli myaa, ngati akuona mawindo a ku Iminyela magetsi akabwera. Koma lero kunali zii.

"Ntombazana, mtsikana iwe," anatero MaMpofu, mwini koleji, makiyi akulira m'manja. "Woyang'anira mayeso afika teni. Ikakwana nthawiyo zinthu zakozi zisanadzuke, Hector abwezeretsa madisiki, mayeso tiwasunthira mawa, ndipo iweyo kombi ya mawa usadzavutike n'kuikwera. Uyezwa?"

"Ndamva, mayi."

Hector, mwana wa a Fanizani, anali atakhala patebulo lakumbuyo, katoni ya madisiki ili pamiyendo ngati khanda lopita ku ubatizo. Labu inali yake Loyce asanabwere ndi nzeru zatsopanozi, koma tsopano ankangokonza mapulinta. Chaka chatha iye ndi Loyce ankayenda wapansi kuchokera ku Iminyela mpaka ku Mpopoma, nyimbo imodzi atagawana khutu ndi khutu, ndipo Hector analembapo dzina la Loyce m'kati mwa chivundikiro cha kompyuta, pamene palibe akanaliona. Kuyambira tsiku lomwe madisiki anatuluka, ngakhale moni anatha.

"Ndinanena ine," anatero Hector, akuuza denga. "Kompyuta yopanda disiki ndi nkhuku yodula mutu. Imathamanga pang'ono, anthu n'kuombera m'manja, kenako khu, pansi."

"Tseka pakamwa, mungalowe ntchentche."

"Sikuludiraiva ndabwera nayo, ainjiniya. Musachite manyazi kupempha."

Loyce sanamuyang'ane. Anakhala pa seva. Inali moyo, pulogalamu yodzukira ili pamalo pake, palibe chimene chinasuntha. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, mphindi zisanu zinapita, mwendo wake ukugunda pansi. Anayesa kompyuta yoyamba: bii. Anasintha chingwe chochokera ku seva kupita ku swichi, bokosi lija momwe zingwe zonse za mu labu zimakumana. Timagetsi tobiriwira tinaphethira bwinobwino ngati tikumuseka. Anayesanso: bii.

"Naini koloko," analengeza Hector. "Nkhani zikuwerengedwa ndi Hector Fanizani."

"Wena, iweyo, ukanakhala ndi mutu ngati pakamwa pakopo bwenzi ukukonzabe mapulinta?" anatero Loyce.

Ophunzira amene anasuzumira pawindo anaseka. Nkhope ya Hector inachita mdima, koma anangogwedeza katoni, madisiki n'kulira gobedegobede.

Loyce anatsegula kaundula wa seva. Makompyuta ankapempha ndithu, seva inkayankha ndithu, koma panalibe ndi imodzi yomwe yobwerera kudzatenga yankholo. Zinali ngati mnyamata wofika ndi maluwa pakhomo n'kupeza wina watsogola kale. Ganizo limeneli linamuimitsa. Timawu ta pa sikirini tinkazimiririka msanga, choncho anatenga foni, anayatsanso kompyuta ija n'kujambula. Anakulitsa chithunzicho. Maadiresi a seva yake onse amayamba ndi 10. Iyi inali itapatsidwa yoyamba ndi 192.

"Pali wina akuyankha," anatero. "Muno muli chinthu chikuthamangira kugawa maadiresi seva yanga isanatsegule pakamwa. Chikupereka adiresi yokha, njira osaloza."

"Mizimu," anatero Hector. "Itanani aneneri."

Loyce anagwada pa swichi n'kuyamba kuzula zingwe chimodzichimodzi. Azule, athamange kukayatsa kompyuta, bii, abweze, azule china. Bulauzi inamata kumsana. MaMpofu anabwera kawiri kudzaima pakhomo, makiyi okha akulankhula. Nthawi itadutsa hafu pasiti naini, anazula chingwe chotuwa cha kumapeto, ndipo kompyuta yoyamba inaphethira, inaganiza pang'ono, kenako sikirini yonse ngwee.

Chingwe chotuwacho chinkalowera m'khoma kupita ku chipinda chosungiramo katundu. Loyce anakankha chitseko. Chipindacho chinali chitasesedwa, makatoni amene ankadzaza pakona atachotsedwa pokonzekera mayeso. Pashelefu panali rauta yakale, kabokosi kogawa netiweki, timaso take tikuthwanima, pamwamba pake tepi yolembedwa H. M'masiku a Hector ndi imene inkagawa maadiresi mu labu. Loyce atatenga labu anaisiya kuti izingopereka waifai ku ofesi, koma chingwe chake anachizula pabowo la pakhoma. Tsopano chinali chitabwerera m'bowomo, cholowa mpaka kumutu.

"Mfiti iwe!" anakuwa. "Mayi, bwerani mudzaone! Hector, bwera kuno ngati ndiwe mwamuna!"

Onse awiri anafika.

"Rauta yake iyi. Walumikiza dala kuti ndichotsedwe ntchito. Katoni unabwera nayo m'mawa unadziwa bwanji kuti ifunika? Unalota?"

"Andiimbira foni ndi mayiwa seveni koloko, chitsiru iwe! Muno sindinalowemo sabata yonse."

"Bodza! Chikukupweteka n'choti mtsikana wakuposa. Unkandikonda pamene ndinkakugwirira tochi basi."

"Ndinkakukonda usanayambe kuyenda ngati Bulawayo yense unamanga ndiwe."

"Thulani! Khalani chete!" anatero MaMpofu. "Za chikondi chanu chovunda mukakambirane kwa amayi anu. Ine ndili ndi ana makumi awiri panja amene makolo awo andidya wamoyo. Amene walowetsa chingwe ichi atuluka pageti lero lomwe, kaya ndi ndani."

Loyce anawerama kuti achizule, koma chinakana. Chinali chitamangiriridwa kumwendo wa shelefu ndi kawaya ka kopa, kopotedwa katatu, nsonga yake yopindira m'kati kuti isakande munthu. Dzanja lake linaima. Kapotedwe kameneka ankakadziwa. Kanali pa geti la kwa Hector ku Iminyela, pa chigwiriro cha ketulo yawo, ngakhale pa lamba wa sandasi yake yomwe tsiku lina itaduka ali kumeneko. A Fanizani anagwira ntchito zaka makumi atatu pansi pa mgodi, ndipo kumeneko chingwe cholendewera chinkatenga munthu. Sankatha kudutsa chingwe chopanda kwawo osachipezera pokhala.

Ndipo amene anachisiya chikulendewera kuseri kwa makatoni anali Loyce mwini. Tsiku lija ankathamangira kombi, akuti achichotsa mawa. Mawalo linatha miyezi itatu.

Atadzutsa mutu anapeza maso a Hector ali pa kawaya komweko.

"Kwagwanji kuno?" A Fanizani anali ataima pakhomo ndi tsache lawo. "Ngati ndi chingwe chija, Loweruka ine..."

"Baba, pitani kugeti," anawadula Hector. "Ana akukankhana uko, athyola loko."

"Koma ndimati..."

"Pitani, baba!"

Mkuluyo anayang'ana mwana wake modabwa, anapukusa mutu n'kumapita, tsache likukwekwereza pansi. Hector anapukuta manja pa thalauza.

"Ndine, mayi," anatero. "Ndinalowetsa Loweruka. Ndimafuna aone kuti si iye yekha wophunzira."

"Hayi bo!" MaMpofu anaomba m'manja kamodzi. "Zaka zinayi ndikukudyetsa, iwe n'kumandikumbira dzenje? Siya makiyi anga patebulo. Ndisakuonenso, ngakhale pa maliro anga."

Loyce ankadziwa kuti Hector akunama. Akanena, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri atuluka pageti limene walilondera kuyambira mgodi utamutaya. Akanena, MaMpofu afunsanso kuti nanga anachisiya chikulendewera ndani. Anayang'ana foni. Kunatsala mphindi khumi.

Anamasula kawaya kaja, anazula chingwe, anathamangira mu labu n'kuyamba kudina mabatani mzere ndi mzere. Masikirini anawala imodziimodzi mpaka onse makumi awiri. Ophunzira analowa akukokerana mipando, woyang'anira mayeso anafika ndi envelopu yake, ndipo MaMpofu anamwetulira ngati sikunachitike kanthu. Loyce anaima pakhomo paja ankaima masiku onse, koma mtima sunachite myaa.

Anamupeza Hector kunja kwa geti, sikuludiraiva ikusuzumira m'thumba lakumbuyo, akuyang'ana kumene makombi amachokera.

"Hector."

"Miyezi itatu, ainjiniya," anatero osatembenuka. "Miyezi itatu chingwe chikulendewera. Mwana wa chaka choyamba amadziwa kuti ukazula umachotseratu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye kawauzeni adona. Chitseko sanatseke."

Loyce anayang'ana chitsekocho. Miyendo sinasunthe. Hector anaseka kaseko kouma.

"Ndimadziwa."

"Sindinakupemphe kuti uname," anatero Loyce mwaukali.

"Sindinachitire iwe. Usadzinamize, wena. Ndipo ukadzawauza bambo anga chimene chachitika lero, udzandidziwa bwino."

Kombi inaima, kondakitala akumenya chitseko. Hector anakwera osacheuka. Loyce anadikira kuti mwina pawindo ayang'ana, kamodzi kokha, monga ankachitira pa siteji ya ku Mpopoma. Anangoona kumbuyo kwa mutu wake, kenako fumbi.

Atabwerera anapeza a Fanizani m'chipinda chija, atawerama, chingwe chotuwa chili m'manja, akufunafuna bowo ndi maso awo ofooka.

"Malukazana, taona, wina wachizulanso. Ana a masiku ano! Kumgodi kapitawo ankati basopa lo ntambo, chenjera ndi chingwe. Mnzanga wina wa ku Dedza anatsala pansi chifukwa cha kachingwe kochepa kuposa aka."

"Bweretsani, baba."

Anachizula ku rauta, anatenga pulayazi m'chikwama n'kudula mitu yonse iwiri. Anachikulunga padzanja n'kuchiponya m'chikwamamo.

"Sichilendeweranso," anatero.

"Wachita bwino." Mkuluyo anatola kawaya kake ka kopa, anakawongola ndi zala n'kukaika m'thumba la malaya. "Nanga mnzakoyu akupita kuti dzuwa lino, ntchito isanathe? Sananditsanzike n'komwe."

Ku labu MaMpofu anali akuitana kale dzina lake, akuti mausi ya kompyuta yachisanu ikukana. Loyce anatseka chikwama n'kuthamangira komweko.