Telmo Anavala Katundu Wake Yense

Moni nonse owerenga. Tiyamike Mulungu amene watisunga, natipatsanso pakamwa posekera. Nkhani ya lero inachitika kuno ku Oulu, mzinda wozizira wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mwezi wa Januwale, nyengo imene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Loweruka masana Telmo anatsika basi yochokera ku bwalo la ndege akuyenda chotang'adza, mikono ili tambalale. Riikka, chibwenzi chake, amene ankaphunzira naye ku yunivesite ya ku Porto, mzinda wakutali kum'mwera, anayamba wamupitirira, kenako n'kubwerera.

"Telmo? Ndiwe? Tinasiyana uli ngati bango. Wanenepa liti?"

"Kuzizira kumatupitsa," anayankha Telmo.

"Nanga chikwama chili kuti?"

"Ndabwera wopepuka."

Zoona zake zinali zina. Tikiti ya ndege anaipeza yotchipa, koma chikwama chinkalipiritsidwa kuposa mwini wake. Gaspar, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, ndi amene anamupatsa nzeru. "Amalipiritsa chikwama, m'bale wanga. Thupi salipiritsa." Choncho Telmo anavala zonse: zovala zogonera pansi penipeni, mabuluku pamwamba pa mabuluku, malaya, majuzi ake ndi a Gaspar, n'kumalizira ndi jekete. Ndipo popeza anamva kuti kumpoto kuno buledi amagulidwa pa mtengo wa nyama, analonga m'matumba soseji zofukiza zimene mayi ake anamutumizira kuchokera kumudzi. Zonsezi Riikka sanamuuze, poopa manyazi.

Ali m'njira, Riikka anamulangiza. "Bambo anga salankhulalankhula, usaope. Koma pomatsanzikana akanena kuti ubwerenso, wapambana. Mnyamata wa mkulu wanga sanamuuze mawu amenewo, ndipo nkhani yake inathera pomwepo."

Telmo anali ndi lero ndi mawa basi.

Pakhomo anavula nsapato monga timachitira tonse. Mayi a Riikka, a Sirkka, anatambasula manja kuti alandire jekete.

"Zikomo mayi, ndikhala nalo. Ndikumva kuzizira."

Koma nyumba zathu m'kati zimatentha. Khofi asanathe, thukuta linali litayamba kutsika m'masaya mwa mlendo. Choipitsitsa, Turre, galu wa pakhomopo, amene sakonda alendo, anabwera n'kutsamiritsa mutu pa ntchafu ya Telmo, akununkhiza thumba.

"Taonani, a Veikko," anatero a Sirkka kwa amuna awo. "Galu amadziwa munthu wa mtima wabwino."

A Veikko anayang'ana galu, anayang'ana mlendo, napitiriza kumwa khofi.

"Mwananga, ukudwala?" anafunsanso a Sirkka. "Ukusungunukatu ngati batala."

"Ndili bwinobwino, mayi."

"Vula jekete, iwe," anamunong'oneza Riikka. "Ukufuna ukomoke pamaso pa apongozi?"

Telmo anangomwetulira. Mumtima ankadzifanizira ndi mbusa wamng'ono uja amene anamuveka zida za mfumu n'kulephera kuyenda nazo. Koma mbusayo anali ndi nzeru, anavula msanga.

Kenako a Veikko anaimirira, nanena liwu lawo loyamba la tsikulo. "Sauna."

Loweruka madzulo kuno timasamba m'sauna, kanyumba ka nthunzi ka kuseri kwa nyumba. Amuna amalowa okha, akazi okha, ndipo aliyense amalowa monga anabadwira. Mwini nyumba akakuitana, wakulemekeza.

"Sindingakane?" Telmo anafunsa Riikka chapansipansi.

"Mnyamata wa mkulu wanga anakana."

Walira mvula walira matope. Telmo anatsatira a Veikko, akuponda chipale chofewa, galu ali pambuyo.

M'kachipinda kovulira, a Veikko anavula mwamsanga n'kukhala pa benchi kudikira. Telmo anayamba. Jekete linachoka. Juzi linachoka, pansi pake panali juzi lina. Linachoka limenelo, panatuluka malaya, pansi pa malaya panali malaya. Mulu unkakula pakona, munthu n'kumachepa. A Veikko ankangoonerera ngati munthu amene akuona mnzake akusenda anyezi.

"Mwana wanga anati ndiwe wochepa thupi," anatero pomaliza. "Ndinayamba kuganiza kuti wabwera wina."

Telmo anafuna kuseka, koma pomakoka buluku lachiwiri, soseji inagwa pansi. Powerama kuti aitole, ina inasololoka m'thumba la jekete. Turre, amene anali kunja, anayamba kukanda chitseko akulira.

A Veikko anatola imodzi, nainunkhiza. "Mphatso?"

Khomo lothawira linali litatseguka. Akanangoti inde, manyazi onse akanatha. Koma munthu ukaima ndi zovala zogonera za mizeremizere pamaso pa bambo wa mtsikana amene umamukonda, bodza limasowa pobisala.

"Ayi, bambo. Ndi kamba wanga. Ndalama ya chikwama ndinalibe, ndiye ndavala zonse. Ndimati ndizidya sosejizi mobisa kuti ndisagule kanthu m'tauni."

A Veikko ananyamuka, natenga pa shelefu pepala lonyezimira lokulungira chakudya, nakulunga soseji ziwiri, nalowa nazo m'kati. Telmo anavula zotsalazo n'kutsatira, osadziwa ngati akupita ku chiweruzo kapena ku phwando.

M'katimo munali mdima ndi fungo la nkhuni. A Veikko anaika phukusi lija pa miyala yotentha ya pamwamba pa mbaula, monga timachitira ndi soseji zathu, nakwera pa benchi lapamwamba. Anatunga madzi ndi chikho n'kuthira pa miyala. Nthunzi inakwera, inagunda denga, n'kutsikira pa makutu a Telmo ngati mbama.

Anakumbukira anyamata atatu aja a m'ng'anjo ya moto, nayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Koma chodabwitsa, sanavutike kwenikweni. Munthu amene wakhala m'majuzi onse aja kuyambira m'mawa, sauna amaiona ngati mpumulo.

A Veikko anathiranso madzi, namuyang'ana cham'mbali. "Sukutuluka?"

"Ndakhala m'sauna kuyambira ku Porto, bambo."

A Sirkka amanenabe mpaka lero kuti anamva phokoso lachilendo kuchokera kuseri, nathamangira pa zenera poganiza kuti wina wagwa. Anali amuna awo akuseka.

Soseji zinadyedwa patebulo ndi mbatata ndi buledi wakuda. Riikka atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye kuti galu sanaone mtima wabwino?" anafunsa a Sirkka.

"Anaona thumba labwino, amayi," anayankha Riikka.

Lamulungu atachoka kutchalitchi, Telmo anavalanso katundu wake yense, chimodzichimodzi, banja lonse likumuthandiza kukoka mikono. Atafika pakhomo, anaima kudikira. A Veikko anali asananene kanthu chidzukire. Analowa kuchipinda, natuluka ndi juzi lawo lalikulu la ubweya wa nkhosa, namuveka pamwamba pa jekete. Kenako anamulonga buledi wakuda m'matumba onse awiri.

"Thupi salipiritsa," anatero.

"Zikomo, bambo. Juzili ndidzatumiza."

"Usatumize. Ubwere nalo wekha, nyengo ya dzuwa. Zovala zidzachepa, malo a soseji adzachuluka."

Riikka anayesa kumukumbatira, koma mikono yake sinakumane kumbuyo.

Ambuye amene amatidziwa mpaka pansi pa zovala zathu zonse akusungeni pa maulendo anu, akufunditseni pa tsiku lozizira, ndipo khomo lililonse limene mungagogode likuuzeni kuti mubwerenso.