Yatsa Magetsi, Bihi

Mwana wanga Itto anali ndi pakati posayenda napo, koma anakwerabe kuphiri kumene kuli makina oonera nyenyezi. Ntchito yake ndi kuwerenga timautsi tobiriwira timene nyenyezi zimasiya zikamafa, mu mlalang'amba woyandikana ndi wathu. Timaoneka pokhapokha mwezi ukakhala kumdima, ndipo akuti masiku amenewo anali ake ogwiritsa ntchito makinawo.

Mphepo itatembenuka madzulo aja, ndinadziwa kuti kukubwera chipale chofewa, chija chimagwa ngati ufa kukazizira. Msewu wa kuphiri ukatsekeka umatha sabata, ndipo kumtundako kulibe mzamba. Foni yake sinkapezeka. Ndinasiya mtanda wa buledi m'mbale n'kukadzutsa mlongo wanga wamng'ono Bihi, amene amanyamulira anthu a kumeneko gasi ndi ndiwo pa galimoto lake.

"Achemwali, mwanayu ndi dokotala," anatero.

"Wa nyenyezi. Zimuchiritsa nyenyezizo? Liza galimoto."

Kunatidera tili m'njira, chipale chitayamba kuwaza. Titafika pokhota pomaliza, pamene kumanja kuli phompho, Bihi anazimitsa magetsi. Mdima bii. Matayala ndinkawamva akuterereka.

"Wapenga iwe?"

"Ndi lamulo la kuno. Kuwala kukalowa m'makinamo, chithunzi cha usiku wonse chaonongeka. Njirayi ndimaidziwa ngati mphuno yanga."

"Mphuno yakoyo unaionapo? Yatsa!"

Galimoto linagwedezeka, kumbuyo kukupita kwake. Ndinatambasula dzanja n'kupotokola ndekha kachitsulo koyatsira magetsi. Magetsi anaonetsa tayala lakutsogolo lili m'mphepete penipeni, kutsogolo kwake kulibe nthaka. Bihi anayamba kutchula dzina la Mulungu. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo tinakwera magetsi akuwala mpaka m'denga lotsekula la nyumba ya makina aja.

Itto anatuluka atafunda bulangete.

"Amalume, ndi inu? Inuyo? Mayi, mwandiphera ntchito! Kumwamba chakumpoto kunali kukadali koyera!"

"Kwera," ndinatero.

"Sindingasiye..."

Sanamalize. Anagwira khomo n'kuwerama, akupumira m'kamwa. Ndinayang'ana pansi. Masokosi ake anali atanyowa.

"Nsupa yasweka liti?"

"Dzuwa likulowa. Ndimati ndingomaliza chithunzi chimodzi chokha."

Sindinamukalipire, nthawi panalibe. Mnzake wa ntchito anatseka denga, ife tinamugoneka kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo panga. Chipale chinali chitakwirira kale mapazi athu.

"Tifika, amalume?" anafunsa Itto, mawu ali ngati a kamwana.

Bihi anapukuta galasi ndi chipewa chake, n'kuyamba kutsika.